Mkeka wa Baudilio ndi Chigalimoto cha Apolisi

Amsel, Nebraska
18 Januwale

Okondedwa Amayi Fermina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani m'mawa. Ine ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ndipo ku fakitale ya nyama ndinabwerera. Iwe Dilcia mwana wanga, ukamawawerengera agogo ako usamathamange, ndipo usamadumphe mizere.

Ndasankha kumalemba chifukwa pa foni timangolira tonse awiri. Chichokereni mwana wanu Baudilio mu Novembala, sitinamalizepo chiganizo n'chimodzi chomwe. Papepala munthu umapukuta m'maso n'kupitiriza.

Ndatumiza madola zana limodzi ndi theka. Mugule penti wa manda, wachikasu kapena wobiriwira. Amalume ake asapake woyera. Iye ankati woyera ndi mtundu wa firiji, ndipo mufiriji anagwiramo ntchito mokwanira.

Tsopano imvani za Loweruka, tsiku la chikondwerero cha kwathu chija cha Ambuye a ku Esquipulas. Bambo mfumu anapempha apolisi kuti atitsekere msewu wa kutsogolo kwa tchalitchi. Mkulu wa apolisi, a Hruska, ndi munthu wabwino. Ndi amene anaperekeza bokosi la Baudilio mpaka kumalire a tauni. Zaka zonsezi ankatseka msewu ndi timatabwa tofiira, koma chaka chino, pofuna kutilemekeza, anabwera ndi Loretta.

Loretta si mkazi, Amayi. Ndi chigalimoto cha nkhondo chimene chinatsala kwa asilikali atabwerako kunja, ndipo anachipereka kwa apolisi athu mwaulere. Matayala ake amandifika m'chifuwa. Pamwamba pali pokhala munthu wa mfuti, ngakhale mfutiyo anaichotsa. Eni tauni amachikonda, ndipo pa zikondwerero zawo apolisi amaponyera ana maswiti ali pamwamba pake.

Titatuluka m'tchalitchi ndi makandulo, chinatulukira pakona chikubangula. Ana athu obadwira kuno anachithamangira akuseka. Amayi Tomasa anataya mphika wa matamale, timikate tathu ta chimanga ndi nyama tija, n'kuthawira kuseri. Amuna awo a Casimiro, bambo ake a ubatizo a Baudilio aja, anagona chafufumimba pa chipale, manja kunkhongo, atavala jekete lawo labwino. Akuluakulu ena atatu anachita chimodzimodzi. Inu mukudziwa kumene anaphunzira kugona chotero. Sindilemba.

A Hruska anatsika akumwetulira, thumba la maswiti lili m'manja. Anaima pamenepo osadziwa koika thumbalo. Amene anachita chikondwerero tsikulo ndi galu wa bambo mfumu. Akuti mpaka lero sakuyang'ana mbale yake.

Lamlungu a Casimiro anandiitanira pambali. Anati, "Herminia mwanawe, chikadzakhalapo chija pa Lachisanu Loyera, ine sindidzatuluka. Mkeka wa mwamuna wako adzauponde ena."

Ena ake ati? Iwo ndiwo amanyamula kutsogolo chifanizo cha Ambuye, ndipo akapanda kutuluka palibe wamkulu amene angatuluke. Mukudziwa kuti kuno, monga kwathu, Baudilio ndiye ankayala mkeka wa utuchi wamitundumitundu pa msewu kuti onyamula Ambuye adutsepo. Chimene simukudziwa n'chakuti anali atasema kale zikombole zatsopano za chaka chino, matabwa oboola aja osefera utuchi kuti zithunzi zituluke, koma sanaziyese. Ndikufuna kuuyala mkekawo, Amayi, ndipo ndikufuna phazi loyamba lidzakhale la a Casimiro.

Mundipatsire moni onse a pa khonde lanu.

Mpongozi wanu,
Herminia


6 Febuluwale

Amayi,

Moni wa kuno ku mphepo. Ndamva kuti munapaka wachikasu ndipo manda akuoneka munthu ali kumsika. Mwachita bwino. Ine ndili bwino, kungoti dzanja lamanja limachita dzanzi m'mawa. Limatsitsimuka mpeni ukangoyamba ntchito.

Nkhumba musagulitse tsopano, mudikire Pasaka mitengo ikwere. Ndalama za malata a kukhitchini ndidzatumiza mwezi wamawa.

Tinapita kwa a Hruska ine ndi bambo mfumu. Anatipatsa mipando yabwino, iwo n'kukhala pa bokosi la mapepala.

"Mayi Tzoc, za tsiku lija zikundipwetekabe," anatero. "Koma timatabwa masiku ano sitikwanira. Kwina anthu amalowetsa galimoto dala m'gulu la anthu. Ndikatseka msewu ndiyenera kutseka ndi chinthu cholemera, ndipo cholemera chimene ndili nacho ndi Loretta."

"Bwanji mutachiphimba ndi nsalu?" anafunsa bambo mfumu.

"Bambo mfumu, chimenechi si chinkhwe choti muchifunditse nsalu chigone."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Komanso chidzakutchingirani mphepo. Amuna anu chaka chilichonse ankathamangitsa theka la mkeka wawo mpaka ku positi ofesi."

Amayi, ndinaseka. Ndi zoona. Mphepo ya kuno ilibe phiri loimitsa, ndipo Baudilio ankaikalipira ngati mlamu wake. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo bambo wamkuluyo anandipatsa mpango wake n'kuyang'ana kudenga.

Nditakhazikika anati, "Loretta sanawomberepo munthu kuno. Madzi atasefukira anatsitsa anthu pa madenga."

Ine ndinati, "A Casimiro samudziwa Loretta. Amadziwa achibale ake."

Kenako anati ndikawauze a Casimiro abwere adzalowe mkati, aone kuti muli mabulangete ndi zingwe basi. Uthengawo ndinaupereka. Amayi Tomasa anati, "Kamuuze alowetsemo apongozi ake, atseke, makiyi atibweretsere."

Zikombole ndazitulutsa pansi pa bedi. Sindinali nditaziyang'ana. Ndinkayembekezera maluwa ndi mphesa za masiku onse, koma mwana wanu anasema mbalame zazitali miyendo zimene zimatera ku mtsinje wa kuno mwezi wa Malichi, zikuyenda pakati pa chimanga ndi nyemba zathu. Kuseri kwa thabwa lililonse analemba mtundu wake ndi pensulo. Ndinakhala nazo pansi nthawi yaitali.

Anzathu awiri a pa mzere wathu wa ku fakitale sanabwere ku ntchito Lolemba. Makabati awo apatsidwa ena. Sitifunsa.

Dilcia, usaiwale mankhwala a agogo.

Herminia


27 Febuluwale

Amayi okondedwa,

Muli bwanji ndi kuzizira kwa kumapiriko? Dilcia akuti mwayamba kupita nokha ku Misa ya m'mawa. Mundisangalatsa, koma ndodo muzitenga. Ine ndili bwino ndipo ndapeza mnzanga.

Dzina lake ndi mayi Arlene. Ndi mayi wamasiye wa mlimi, amathandiza ku laibulale kumene ndimabwereka mabuku Lachinayi lililonse. Chichokereni Baudilio ndakhala ndikutenga mabuku a maulendo a panyanja okhaokha, mwina chifukwa mmenemo anthu amachedwa koma amabwerako. Iye anazindikira. Anandiika kapu ya khofi patsogolo n'kunena kuti, "Chaka choyamba usagulitse kanthu, usasamuke, ndipo usamvere aliyense wokuuza kuti walimba mtima."

Sindinkadziwa kuti ndi khansala. Nkhani ya a Casimiro anali ataimva kale, ndipo walemba lamulo loti akalipereke ku khonsolo ya tauni. Likuti zida zochokera kwa asilikali zizituluka pokhapokha madzi akasefukira, chipale chikatsekera anthu, kapena pakakhala munthu woopseza ena ndi mfuti. Pa zikondwerero, pa mapemphero ndi pa misonkhano ya anthu zisamafike. Ndipo apolisi asamalandire china chatsopano popanda kufunsa khonsolo pamaso pa anthu. "Ndinamva kuti apempha chinanso," anatero. "Tauni ya mphambano zinayi, nkhondo yake ndi yani?"

Tauni yagawikana. Wa pa sitolo ya mbewu wamata pepala pa zenera loti Loretta asiyidwe. Mchimwene wake wa Arlene, a Vern, ndi mmodzi mwa amene anatsitsidwa pa denga nthawi ya madzi, ndipo sakuyankhula ndi mlongo wawo. Amangomubweretsera mazira n'kuwasiya pakhomo osagogoda.

Vuto ndi ili. Arlene akuti makhansala sangamve za anthu amene sakuwaona, ndiye mmodzi wa ife akayankhule. Woyankhula amatchula dzina lake ndi kumene amakhala, ndipo amazilemba m'buku la khonsolo.

Ndinafotokoza zimenezi Misa itatha. Amuna onse anayamba kuona nsapato zawo.

"Taonani," anatero Amayi Tomasa. "Ku mpira mumakuwa mpaka ng'ombe za azungu kuthawa. Lero malilime mwasiya m'galimoto?"

"Mukayankhule inuyo, amayi," anatero wina kumbuyo.

"Chingerezi changa n'chofunsira mtengo wa tomato. Ukufuna ndikawafunse makhansala kuti akugulitsa bwanji?"

Anthu anaseka, ndipo ataleka kuseka ndinaona kuti akuyang'ana ine, chifukwa ndinali mphunzitsi kwathu. Ndinati ndikaganiza. Mukudziwa chifukwa chimene sindinabwere ndi bokosi la mwamuna wanga, nkhani ya mapepala okhalira kuno ija. Ndi chomwecho.

Ndatumiza za malata. Wokhomayo mumupatse chakudya, koma mowa akamaliza.

Mwana wanu,
Herminia


13 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pansi pa denga latsopano. Ine ndili bwino, ndipo manja anga ndi ofiirira mpaka m'zigongono. Kapitawo wa ku ntchito atawaona anafuna kuitana namwino.

Tayamba kunyika utuchi. Tinaupeza kwa mmisiri wa makabati, matumba ambiri, ndipo anakana ndalama. Dzulo tinati tiyese zikombole pa simenti ya m'mbali mwa tchalitchi, pafupi ndi msewu. A Casimiro anabwera. Anati kuyesa si Lachisanu Loyera.

Tili mkati, anafika a Hruska atanyamula bokosi la mabanzi a jamu pakati, akuti maphikidwe a agogo awo. Anaima pambali ngati mwana wochedwa ku sukulu.

"Akufuna chiyani?" anandifunsa Amayi Tomasa.

"Akuti abwera kudzapepesa."

"Muuze kuti pa mkeka palibe woonerera. Wafika, akwere thabwa."

Ndinamasulira, ndikufewetsa pang'ono. A Hruska anavula lamba wawo wolemera wa mfuti n'kumutsekera m'galimoto, kenako anagona chafufumimba pa thabwa limene timalitanthalika pa njerwa kuti tisakhudze utuchi. Amayi, munthuyo ndi wamkulu. Thabwa linapindika mpaka mimba inatsala pang'ono kudinda mbalame yakeyake.

"Uyu tidzamuike kumapeto, azikhala chotchinga mphepo," anatero Amayi Tomasa. Izi sindinamasulire.

Thabwa loyandikana nalo linali la a Casimiro. Sanamuyang'ane mlendoyo. Anangomupatsa sefa n'kunena kuti, "Herminia, muuze asagwedeze ngati akuingitsa ntchentche. Azigogoda ndi chala chimodzi."

Anagwira ntchito chotero, mitu pafupi, mphuno zili pafupi ndi simenti. Phiko la mbalame linayamba kuoneka, lotuwa, nsonga zakuda. Aka kanali koyamba kuti wina aone chimene Baudilio anaona m'mutu mwake.

Ndiye simenti inayamba kunjenjemera. Wapolisi wina amayendetsa Loretta Loweruka lililonse kuti injini isafe, ndipo sankadziwa kuti tili pamenepo. Chinadutsa pafupi kwambiri ndi mitu yawo. Utuchi unadumphadumpha, phiko linafafanizika. Ndinaona a Hruska akudzutsa mutu, ndipo pamene anali sakanatha kuona woyendetsa, koma matayala ndi mimba yachitsulo. A Casimiro anali atagwira mkono wa wapolisiyo mwamphamvu, maso atatseka.

Phokoso litatha, a Hruska anayankhula motsitsa. "Sindinachionepo ndili pansi. Nthawi zonse ndimakhala mkati."

Ndinamasulira. A Casimiro anasiya mkonowo. "Ife timachidziwira pansi pano," anatero. Kenako analoza ndi chibwano. "Muuze phiko lake lawonongeka. Ayambirenso."

Anayambiranso, ndipo lachiwirilo linatuluka bwino kuposa loyamba. Mabanzi tinadya onse, ndipo Amayi Tomasa anabisa awiri m'thumba akunena kuti shuga wachepa.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma pomanga lamba wawo a Hruska anandiuza kuti, "Ku khonsolo ndidzatsutsabe, mayi Tzoc. Gulu la anthu ogwada pa msewu wotseguka, ine ayi. Chikachitika china sindingadzikhululukire."

Sindinawakwiyire. Nawonso akuopa, koma mantha awo ayang'ana kwina.

Mbalame zija zafika ku mtsinje. Ndinapita ndekha Lamlungu. Baudilio anazijambula bwino.

Herminia


27 Malichi

Amayi,

Ndili bwino. Inunso mukhale bwino.

Ndalembetsa dzina langa kuti ndidzayankhule ku khonsolo Lachiwiri la sabata yamawa. Arlene anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ndipo kachiwiriko anatseka chitseko kaye. Ndatsimikiza.

Dilcia, za sukulu yako ya unamwino za chaka chonse ndazisiya kwa Amayi Tomasa, pamodzi ndi makiyi ena a nyumba. Si kuti kuli kanthu. Ndikungolongosola zinthu.

Mawu anga ndimawayeseza pa mzere ku ntchito, chamumtima. Dzulo ndinapezeka ndikuuza nthiti ya ng'ombe kuti "olemekezeka makhansala." Inandimvetsera bwino.

Amayi, mukapita kwa Baudilio mumuuze kuti mkazi wake wamanyazi uja akukayankhula pa chimkuzamawu. Aseka.

Herminia


7 Epulo

Amayi okondedwa,

Musade nkhawa, ndili m'nyumba mwanga, ndili bwino, ndipo ndadya kawiri kale lero. Bondo lanu likuti bwanji?

Chipinda cha khonsolo chinadzaza. Alimi anakhala kumanja ndi zipewa zawo. Kumanzere ndinkayembekezera kukhala ndekha ndi bambo mfumu, koma nditacheuka ndinaona anthu athu akulowa mmodzimmodzi atavala zovala za ku Misa. Sanalembetse maina. Anangoima kukhoma. A Casimiro anakhala pa mpando wa kutsogolo.

Ndinatchula dzina langa ndi msewu wanga. Zimene ndinakonza zinathawa, ndiye ndinanena zimene zinatsala. Ndinati sitidana naye Loretta, ndipo mtsinje ukadzadza apite, ifenso tidzamupempherera. Ndinati pakati pathu pali anthu amene ali ana anaona magalimoto otere akulowa m'mudzi m'mawa, ndipo madzulo mudzi panalibe. Ndinati chinthu chopangira nkhondo chisamaime pamene anthu akugwada. Ndinati mwamuna wanga anasiya mkeka, ndipo ndikufuna nkhalamba iyi idzayendepo itaimirira. Basi.

A Hruska anatsutsa monga analonjeza. Anati anagona pa thabwa ndipo anaona zimene anaona, msana wawo ukadali mboni, koma msewu sangautseke ndi mapemphero.

Pamenepo a Vern, mchimwene wa Arlene uja, anaimirira osapempha.

"Ine Loretta anandichotsa pa denga ndili ndi kabudula wamkati yekha. Ndimamukonda kuposa abale anga ena."

"Khala pansi, Vern," anatero Arlene. "Sunalembetse."

"Ndinalembetsa pamene unabadwa iwe." Anatembenukira kwa mkulu wa apolisi. "Lyle, vuto lako ndi kulemera basi? Lole yanga itadzaza chimanga imaposa Loretta wako kutali. Ndili nazo ziwiri. Mlamu wanga ali nazo ziwiri. Mu Epulo zimangokhala."

"Ukanena mawa kuti uli ndi zochita?"

"Ndinayamba ndakunamizapo?"

"Pa kukula kwa nsomba zimene umawedza, kangapo."

Anthu anaseka mbali zonse ziwiri. A Hruska anakanda mutu, n'kunena kuti malole akakhala odzaza ndipo makiyi akasunga iwo, alibe chotsutsa. Khansala wina anadandaula kuti tikutsekera chinthu chimene tinalandira chaulere. Arlene anamukumbutsa kuti tayala limodzi la chaulerecho linadya ndalama zimene zikanakonza denga la laibulale. Wina anafunsa za maswiti a ana. A Hruska anati miyendo akadali nayo.

Anavota. Atatu anavomera, awiri anakana. Lamulo ladutsa, Amayi, ndipo chinanso chimene anapempha chija sichibweranso.

Panja a Casimiro sananene zambiri. Anati, "Ndamva za malole. Ndidzaona ndi maso anga." Amayi Tomasa anandibwezera makiyi anga n'kundiuza kuti siketi yanga inali yopindika kumbuyo nthawi yonseyi.

Pakhomo sipanagogode aliyense kupatula a Vern, amene anabwera kudzafunsa kutalika kwa mkeka. Ndikamva galimoto ikuima panja ndimasiyabe kutafuna, koma zichepa.

Nkhumba ija tsopano mugulitse.

Herminia


17 Epulo, Pasaka

Amayi anga,

Ambuye auka, ndipo ndikhulupirira akupezani muli wathanzi, inu ndi Dilcia. Ine msana wauma, mawondo atupa, ndipo ndili bwino kuposa mmene ndakhalira chichokereni mwana wanu.

Lachisanu tinayamba kukucha. Malole anali atafika kale, imodzi kumtunda kwa msewu, ina kumunsi, ziwiri zitaima motsatana mbali imene mphepo imachokera. Mphepoyo inabwera ndithu, inalira m'mawaya tsiku lonse, koma pansi pathu utuchi unangokhala phee. Arlene ndi akazi a alimi anabwera ndi mipope yopopera m'munda, atatsuka bwino, n'kumawaza madzi pambuyo pathu. A Vern ankayendayenda m'mbali akulangiza anthu za ntchito imene sanaionepo, mpaka Amayi Tomasa anawalozera thabwa. Anatipangira nyemba zazikulu ngati mazira.

Dzuwa lisanafike pamutu mkeka unatha, kuchokera pa makwerero a tchalitchi mpaka pakona. Ndinakwera pa lole kuti ndiuone wonse. Mbalame zinkayenda m'chimanga, zina zitawerama, imodzi itatambasula mapiko, ndipo m'mphepete monse munali nyemba. Anthu a m'tauni anadzaza mbali zonse. Ena ankafunsa kuti tiuteteza bwanji kuti ukhalitse.

A Casimiro anali asanafike. Onyamula anavala mikanjo yawo yofiirira n'kuima pakhomo, malo a kutsogolo ali opanda munthu. Bambo mfumu ankayang'ana kwa ine, ine ndinkayang'ana kumsewu. Amayi Tomasa anati, "Ndamusiya atavala nsapato imodzi. Inayo ili m'manja mwa Mulungu."

Kenako ndinawaona akubwera wapansi, pang'onopang'ono. Sanalowe m'tchalitchi. Anapita kumtunda, n'kuzungulira lole, kusuzumira kuseri kwake. Anatsika msewu wonse m'mbali mwa mkeka, n'kukachitanso chimodzimodzi kumunsi. Pakona anapeza a Hruska ataima okha. Anayang'anana. Kenako a Casimiro anakwera pa chitsulo cha lole, n'kupisa dzanja pansi pa lona, n'kutulutsa chimanga chodzaza dzanja. Anachinunkhiza, anachibwezera, n'kupempha mkanjo wawo.

Chifanizo chinatuluka chikuyenda mwa apo ndi apo pa mapewa a amuna, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono, lubani ali tolotolo. Anatsika makwerero. Atafika m'mphepete mwa mkeka, a Casimiro anaima, ndipo onse kumbuyo kwawo anaima ndi katundu yense uja. Ng'oma inaleka.

Ndinaganiza kuti mantha awagwiranso. Koma ankafunafuna ine m'gulu la anthu. Atandipeza anati, "Mwanawe, ndi wa Baudilio uwu. Mkeka wina satipangiranso. Tiponde?"

Amayi, miyezi yonseyi ndinkalimbana kuti mkekawu uyalidwe, ndipo ndinali ndisanaganizepo bwinobwino za mphindi imeneyi. Ndinayang'ana mbalame yoyamba, imene inali patsogolo pa nsapato zawo. Inali yokongola kwambiri.

Ndinati, "Pondani, bambo. Anaupangira zimenezo."

Anaponda, mutu uli chilili, ndipo anauyenda wonse mpaka pakona.

Ndine mpongozi wanu ndi mwana wanu,
Herminia